Buku la Chijeremani Linandidyetsa Gondolosi

Nsanje inandipatsa matenda omwe ndinalibe, abale, ndipo mpaka lero ena amandipatsabe moni wa odwala.

Kumpingo kwathu kwa Amalawi ku Tsakane kunali mtsikana wina, Esinati, yemwe ndinkamufuna banja. Zinkayenda bwino ndithu mpaka atatulukira Yohane. Mkuluyu amakolopa mu laibulale ya payunivesite ina konkuno ku Joni. Laibulaleyo imaitanitsa mabuku a akatswiri kuchokera ku Jeremani, ndiye akale akamawachotsa, Yohane ankatola. Lamlungu lililonse ankabwera ndi lina m'khwapa (Baibulo m'chikwama, la Chijeremani poyera).

"A Yohane ndi ozindikira inu," anatero Esinati tsiku lina. "Mpaka Chijeremani akuwerenga!"

Zinandiwawa koopsa. Ine ndimagwira ntchito kosungira katundu ku Spartan, ndipo makatoni a mabuku omwewo amadutsa m'manja mwanga akatsika ndege. Wonyamula ine, msana kuwawa ine, ulemu n'kupita kwa wokolopa?

Mwayi unabwera ndi mvula. Denga linadontha, katoni ina n'kunyowa. A laibulale anaikana, akuti bola adikire miyezi ina abweretsedwe atsopano, ndipo foromani anati titaye. Ndinasankha buku lalikulu kuposa onse, lolemera ngati njerwa ziwiri. Sindinalitsegule n'komwe (kutsegula kuti ndiwerenge chiyani?).

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinakhala pabenchi panja, buku lili pamiyendo, nkhope ya uprofesa. Esinati anabwera ndi azakhali ake, omwe ankamusunga.

"Eish, nanunso Chijeremani mumachitha?" anafunsa Esinati.

"Kalekale," ndinayankha mokweza kuti Yohane amve. "Ili ndiye ndimaliwerenga tsiku ndi tsiku. Likukamba za moyo wanga weniweni."

Azakhaliwo analitenga n'kutsegula pakati. Anatsegula pena, kenako n'kumuphimba Esinati m'maso ndi dzanja. Nanenso ndinasuzumira. Munali zithunzi zokhazokha za matenda a kumalo obisika a abambo, zotupa, zilonda, zina madokotala atang'amba. Chithunzi sichifuna womasulira.

"Pepani mwananga," anatero azakhali motsitsa mawu. "Ndiye zili bwanji panopa?"

Apa mpamene ndikanaulula kuti Chijeremani sindidziwa ngakhale liwu limodzi. Koma Yohane anali ataima pomwepo, buku lake m'khwapa, khutu lili tcheru. Ndivomere umbuli pamaso pake ine?

"Zikuchepa, mayi," ndinatero.

Sabata isanathe azakhali ananditumizira mtolo wa gondolosi wochokera kumudzi, uthenga wake woti amuna samataya mtima. Amayi a kumpingo anandipempherera mosatchula vuto, koma aliyense akudziwa. Esinati anayamba kunditchula kuti achimwene, ndipo amene anafunsirapo akudziwa kuti pamenepo maliro atuluka.

Ukwati wa Esinati ndi Yohane ndinapita, mpunga unkakana kutsika. Pambuyo pake ampingo anandipempha kuti ndithandize kusamutsa katundu wa Yohane kupita ku Wattville. Titanyamula bedi ndinaona kuti mwendo wina unathyoka kalekale, ndipo chomwe chinkachirikiza ndi mabuku a Chijeremani aja.

"Kodi a Yohane, simumawerenga?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndichidziwire kuti, mfana? Kungoti ine ndimayamba ndatsegula. Ndimatola opanda zithunzi."

Gondolosi uja ndinamumaliza yense. Nsanje ndiye mankhwala ake sindinawapeze.