Tsiku limene ndinamatula tepi ya a gafa

Mpaka lero mu holo ya loji imene ndimagwirako ntchito ku Makokola muli kachidutswa ka tepi yofiira kamene sindikakhudza. Ndikamakolopa ndimangokazungulira. Anzanga amandiseka, koma iwo sanaone zimene ndinaona ine.

Ndasesa ndi kukolopa pamalo amenewa zaka zambiri, ndipo kudzitama pang'ono si mlandu: simenti ya mu holo ndikaipaka polishi mutha kudziyang'anirapo nkhope. Ndiye chaka chatha kunabwera anthu ojambula filimu kuchokera ku Blantyre, ofuna kujambula phwando la ukwati mu holo mwathumo. A manijala anandiitanira pambali.

"Mayi, alendo awa ndi ofunika. Akangodandaula kamodzi za holoyi, ntchito yanu yathera pomwepo."

Ndinavomera ndi mutu womwe (ana anga atatu amadalira tsache lomweli).

Anthuwo anali ambiri, aliyense ndi udindo wa dzina lolemera. Panali dayirekitala, mayi wamfupi wa mawu akuthwa. Panali wa kamera ndi womuthandiza wake, komanso wina amene ntchito yake inali kungokweza ndodo ya maikolofoni m'mwamba ngati akuthyola mango. Mkulu wa zamagetsi ankamutchula kuti gafa. Ameneyu anali Che Jafali, bambo a ndevu zoyera a ku boma konkuno, ndipo m'chiuno mwawo munkalendewera matepi: yakuda, yoyera, yofiira. Si selotepi ya pa envelopu ija ayi. Iyi ndi yansalu, ikagwira yagwira.

M'mawa wonse wa Lachisanu ankayeserera sewero lawolo, ine ndili kuzipinda, osaona kanthu. Itakwana nthawi ya swala, Che Jafali ndi anzawo anapita ku mzikiti, otsalawo kukadya. Nditasuzumira mu holo, mtima unangoti myuu! Pansi ponse panali timitanda ta tepi, tina tofiira, tina toyera, ndi mizere yakuda yaitali yophimba mawaya. Anthu ophunzira chonchi, kumata zinyalala pasimenti yanga? Nanga akanena kuti holo ndi yauve, wochotsedwa ntchito ndani?

Ndinakatenga mpeni kukhitchini n'kugwada. Ndinayamba ndi timitanda. Kalikonse kanalimbana nane, mpaka zikhadabo ziwiri zinathyoka. Kenako ndinamatula yakuda ija, mawaya ndinawakulunga bwinobwino n'kuwaunjika pakona. Pomaliza (apa ndiye ndinadziphera ndekha) ndinapaka polishi, wambiri ndithu.

Atabwerera anandipeza ndaima pakhomo, ndikudikira zikomo wanga.

"Aliyense pamalo pake!" anakuwa dayirekitala.

Mkwatibwi wa m'seweromo anayang'ana pansi n'kuyamba kuzungulirazungulira ngati wataya ndolo. Mkwati anangoponda kawiri, n'kuterereka mpaka kukagwira chipilala. Che Jafali anayang'ana mpira wa tepi umene unali m'manja mwanga, navula chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Achemwali, mwatani?"

"Ndakonzatu, Che Jafali."

"Timitanda tija ndi pamene osewera amaima kuti kamera ndi magetsi ziwapeze. Takhala tikuyeza kuyambira m'mamawa."

Anagwada kuti amate ina, koma tepi ija, yolimba ija, inakana kugwira chifukwa cha polishi wanga. Manyazi anandigwira, mantha ndiye osanena, poti pawindo ndinaona a manijala akubwera.

"Ndipatseni mpata ndichotse polishiyu ndi madzi otentha," ndinatero. "Timitandato ndibwezera ndekha. Ndikudziwa pamene kalikonse kanali."

Palibe amene anandikhulupirira, koma simenti imeneyo ndimaidziwa kuposa nkhope ya mwamuna wanga. Pansi patauma ndinayamba kuloza. Kofiira koyamba kanali pa mng'alu wa pafupi ndi chipilala. Koyera kanali pa kabowo kamene tebulo linasiya litagwa chaka china. Kachitatu sindikanakaiwala, ndi kamene kanandithyolera chikhadabo. Wa kamera anasuzumira m'chipangizo chake n'kukuwa, "Ndi pomwepo! Mayi awa ndi mfiti kapena?"

Nthawi yonseyi a manijala anali ataima pakhomo, maso ali pa ine. "Pali vuto kodi?" anafunsa.

Dayirekitala ndiye anayankha. "Palibe, bwana. Mayiwa akutithandiza. Tibwerekeni masiku atatu."

Masiku atatuwo ndinayenda ndi tepi m'chiuno pambuyo pa Che Jafali, ndipo kunena zoona ndinasangalala. Patapita miyezi Che Jafali anabwera kudzandionetsa filimuyo pafoni. Kumapeto, pamene mayina amayenda, panali langa, pansi penipeni: wothandiza gafa. Mwamuna wanga anafunsa kuti ntchito imeneyo ndi yotani. Ndinamuuza kuti ndi yaikulu, asaifunsefunse.

Pochoka anthu aja anaiwala kachidutswa kofiira kamodzi pafupi ndi chipilala. Sabata yatha a manijala anakaloza ndi nsapato.

"Mayi, chinyalala ichi chikhala pano mpaka liti?"

"Bwana," ndinayankha, "zimenezo ine sindiyambanso. Tidikire a gafa anene."