Tsiku limene ndinakazinga maphunziro a bambo a Tadala

Anzanga, ine cholinga changa chinali kungonunkhiza basi, zimenezi ndikhoza kulumbira ngakhale pamaso pa abusa.

Nthawiyo n'kuti ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mtima wanga unkangofuna chinthu chimodzi, dothi. Amayi anzanga mukulidziwa, lapachulu lofiira lija, timagula lowotcha kale pamsika kwathu lija. Nanga kuno ku Perth ungalipeze kuti? Ndinayesapo kukumba kuseri kwa nyumba yathu ku Armadale mpaka chigongono kulowa, mchenga wokhawokha ngati tikukhala mumtsinje wouma.

Ndiye Lachisanu lina amuna anga, bambo a Tadala, anabwera kuchokera kuchilumba cha Rottnest komwe anatha sabata ndi aphunzitsi awo a kuyunivesite. Maphunziro awo, amene anatibweretsa kuno, ndi a miyala ndi dothi lakalekale. Anatsitsa bokosi m'galaja, m'katimo timatumba tisanu ndi kamodzi, kalikonse ndi nambala yake, n'kuti kulabu ya kuyunivesite, koyezera dothiko, apeza atatseka, akapereka Lolemba.

"Kalekale dziko litazizira kwambiri, madzi ambiri anaundana kukhala ayezi, nyanja n'kubwerera kutali," anatero akundionetsa. "Chilumba chija sichinali chilumba, anthu ankapitako wapansi. Dothi ili ndi limene ankapondapo, lakhala pansi pa miyala zaka zikwizikwi."

Anatinso chilolezo chotapa timatumbati anachidikira miyezi yambiri, mpaka akuluakulu a eni nthaka, mtundu umene azungu anaupeza kuno, anachita kuimirira pomwepo akutapa, ndipo popanda dothili buku lawo la digiri silingathe, buku likapanda kutha ifenso kuno kwathera pomwepo. Ine ndinkangoti ee, ee, maso ali pa nambala 4. Linali lofiira, la zibumazibuma, ngati la chulu cha kwathu ku Mitundu.

Loweruka m'mawa iwo anapita kuganyu yawo yosamalira okalamba ku Midland, mwana wathu Tadala anali kwa mnzanga. Ndinalowa m'galaja kukatenga tsache. Tsachelo sindinalifike. Ndinatsegula nambala 4, kununkhiza, osamva kanthu, ndiye ndinadontheza madzi pang'ono pachala, ndipo kafungo kamene kanatuluka kanali ka mvula yoyamba yeniyeni. Kanyenyeswa kamodzi kangawononge digiri ya munthu? Kachiwiri nako? Kenako nzeru zinandibwerera, ndinati ine ndine woyembekezera, dothi losawotcha lingakhale ndi tizilombo. Ndinatapa dzanja lodzaza, kuliika mufelempani, kuwaza kamchere, kukazinga bwinobwino ngati mtedza. Mukuona kusamala kwake?

Pofika masana kathumba kanali theka. Apa m'pamene ndinazindikira zimene ndachita. Ndinathamangira ku mphika wa maluwa wa pakhonde kukatapa lodzazira, koma limenelo ndi lakuda, la tizidutswa ta mitengo, nditasakaniza linangooneka ngati khofi. Ndinatenga chidutswa cha njerwa, kuchiphwanya ndi hamala mpaka ufa, kuthiramo, kukhutchumula. Mtundu unabwererako. Ndinatseka, kubweza m'bokosi, nambala kuyang'ana kumwamba monga ndinaipezera.

Mufelempani munali mutatsala kachibuma kamodzi, ndinati umboni usatsale. Nditangoluma ndinamva gwa, mpaka m'khutu. Kulavulira m'dzanja, ndinaona kanthu koyera, kosalala mbali imodzi, kwinaku kachikasu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma dzino ndimalidziwa.

Ndinakumbukira za anthu oyenda wapansi aja, ndinakumbukiranso kuti bambo a Tadala ananena kuti pachilumbapo pagona eni nthaka ambiri, ndi malo oyendapo mwaulemu. Ndiye ine, mlendo m'dziko la eni, ndakazinga kholo la anthu, ndi mchere womwe? Nanga zina zimene ndameza osaziona? Mwana m'mimba, amene tsiku lonse amangomenya mateche, anangoti zii. Ndinakhala pansi m'galajamo manja ali pamimba, kupepesa m'Chichewa, kenako m'Chingelezi changa chothyokachi, poti sindinkadziwa kuti mwini dzinoyo amamva chiti. Galimoto iliyonse yodutsa ndinkati ndi apolisi. Ndinkadziona ndikutsika ndege ku Lilongwe, apongozi akufunsa kuti digiri ili kuti, ine n'kuloza pamimba.

Mwana anadzagunda patapita nthawi, koma mtima sunatsike. Dzinolo ndinalikulunga m'tishu n'kulibisa m'chikwama. Lamulungu kutchalitchi sindinaimbe ngakhale nyimbo imodzi, chikwamacho ndinachikhazika pampando wakewake, kuopa kuchiika pansi.

Titaweruka, bambo a Tadala anati aone timatumba tawo asanakapereke. Ananyamula nambala 4, kuiyang'ana, kutsegula, n'kusolola kamuzu ka duwa. Ine osadikira kufunsidwa, ndinagwada ndi chimimba changa n'kuulula zonse, felempani, mchere, njerwa. Iwo anangokhala pa bokosi la zitsulo, nkhope itatuwa, ndipo kuyambira tikwatirane sindinawaonepo choncho.

"Amake Tadala, mwadya chaka changa chathunthu," anatero motsitsa.

"Si zokhazo," ndinayankha, n'kutambasula tishu uja.

Anatenga kagalasi kawo kokulitsa zinthu, kutembenuza kanthuko uku ndi uku. "Ili ndi dzino la munthu ndithu."

Ndinayamba kulira. Iwo anayang'ananso, nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Koma anthu akale aja analibe dokotala womata mano. Tayasamulani."

Linali langa, anthuni. Lakumapeto lija anandimata ndili mtsikana, linabenthuka pakati. Lilime linkandiuza kuyambira dzulo lake, koma mantha sanandipatse mpata womvera.

Lolemba ndinakakamira kupita nawo kuyunivesite ku Bentley, mlandu unali wanga. Aphunzitsi awo, mayi wachikulire wa imvi, anamvetsera mpaka kumapeto osaseka. Kenako anati mwayi wake iwo anasungako kathumba kena ka pamalo omwewo, agawana, koma choyamba ndipite kwa anamwino lero lomwe. Tikutuluka anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti zaka zonsezi akhala akuyeza dothi limeneli, koma palibe anawauzapo kakomedwe kake. Ndinawauza zoona, kuti la ku Mitundu limaposa.

Anamwino anapeza kuti magazi anali ochepa, anandipatsa mapilitsi, chilakolako cha dothi n'kutheratu. Mwana anabadwa bwinobwino, wonenepa. Bambo ake akafuna kundiputa amati m'nyumba muno amene ali ndi mbiri yakale kwambiri ndi mwanayu.

Ine m'galaja ndimalowabe, koma ndikaona kathumba kolembedwa nambala, manja ndimaika kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Ndipo ndikadzakhalanso ndi pakati, ndawauziratu bambo a Tadala kuti asinthe maphunziro, ayambe za zitsulo.