Likasa la Kukhulupirika

Lolemba

Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Ndikufika pasukulu nsapato zitalemera ndi matope a ku Chiputula. A Dayilekitala, eni ake a sukuluyi, akundiitana ndisanatule n'chikwama chomwe. Miyezi yanga itatu yoyeserera ikutha Loweruka. Lachisanu Fomu 4 ilemba mayeso a phunziro langa la makhalidwe, mutu wake kukhulupirika. Ana akakhoza, ndisaina kalata ya ntchito. Akalakwa, "mabasi a kwanu ku Dedza amanyamuka tsiku lililonse, Madamu." Akunena uku akuseka. Ine mano ali m'kamwa.

Komabe ndili ndi pulani yomwe ndaisunga kuchokera ku koleji:

1. Sabata ino palibe kukopera notsi.
2. Tizikambirana, ana azitsutsana.
3. Lachisanu alemba okha, popanda wowayang'anira. Munthu angaphunzire bwanji kukhulupirika mlonda ali pamsana pake?

Ndikulengeza m'kalasi. Ana 47 akundiyang'ana ngati ndabwera ndi uthenga wa maliro. Kenako Lusungu, mtsikana amene sachoka pa nambala wani, akukweza mkono: "Madamu, zimene mwanenazo tilembe?"

Lachiwiri

Mtsutso woyamba. Funso: mnzako wapamtima waba foni, a Hedi akufunsa iweyo. Unena?

Lusungu akuimirira, manja kumbuyo, maso kudenga. Tanthauzo la kukhulupirika. Mitundu yake. Ubwino wake. Kuipa kwa kusakhulupirika pabanja, pamudzi ndi padziko. Osapuma, osameza malovu. Kalasi yonse m'manja phwaphwaphwa! Ndikumufunsa ngati iyeyo angamunene mnzakeyo. Akuti limenelo silinabwerepo pa mayeso a boma.

Mmodzi yekha akuyankha funso langa, Asiyatu wa kumpando wakumbuyo, mawu ake ngati akupepesa. Akuti anganene, koma angayambe wamuuza mnzakeyo kuti akukanena. Anzake akumuseka chifukwa yankho lake lilibe manambala.

Kuchipinda cha aphunzitsi ndikudandaula kwa a Nyirenda, mkulu wa phunziroli, amenenso ndiwo akonza mafunso a Lachisanu. Anayamba kuphunzitsa ine ndili kumbuyo kwa amayi. Notsi zawo zili m'kope limodzi lachikasu lomatamata ndi selotepi. Ndikuwauza kuti tikuweta zinkhwe. Akuvomera bwinobwino, akupungulira tiyi m'sosala. Akuti chinkhwe chokhala ndi satifiketi chimalembedwa ntchito, ndipo woganiza wopanda satifiketi amaganiza ali pa kabaza. Akuti wochonga mayeso a boma ali ndi mapepala mulu, safuna mtima wa mwana, amafuna mfundo zisanu.

Yankho labwino likundibwerera ndili kale m'minibasi ya ku Luwinga.

Lachitatu

Kwabwera kholo. A Che Yusufu, bambo ake a Asiyatu, a golosale ya ku Chibanja. Moni wautali, waulemu, kufunsa za kumudzi ndi za mvula. Kenako akutulutsa kope la mwana wawo m'jumbo, akulitsegula patebulo panga. Lolemba: deti yokha. Lachiwiri: deti yokha.

"Madamu, ine makope ndimagulitsa. Ndimalidziwa kope lomwe likugwira ntchito."

Ndikufotokoza za kuganiza mozama, za mwana kudziwa chabwino ndi choipa payekha. Akumvetsera modekha. Akuti chabwino ndi choipa amamuphunzitsa kunyumba ndi kumadrasa, ndipo kumeneko sanalakwepo. Kuno anamutumiza kuti adzakhale namwino. Akufunsa ngati kusukulu ya anamwino amalandira mwana ndi mtsutso.

Pakhomo pali mthunzi. A Dayilekitala aima pomwepo, akuonetsa ngati akuwerenga chikalata cha pakhoma chomwe anachimata okha chaka chatha.

Zomwe ndadya lero: nthochi imodzi, ndi zikhadabo zanga.

Lachinayi

Mtsutso wachiwiri sukuyenda. Ana ali phee, aulemu modabwitsa. Palibe wopempha notsi. Mtima ukuti mwina ayamba kumvetsa!

Madzulo ndikudutsa pakashopu ka fotokope ku Luwinga. Mzere mpaka panja, ndipo mayunifolomu ndi athu. Akundiona, akubalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Mayi wa pashopupo akundimwetulira mothokoza: "Yewo chomene, Madamu, mwatibweretsera makasitomala." M'manja mwake muli kope la mwana wina amene analemba mayeso chaka chatha, notsi za a Nyirenda mutu ndi mutu. Makina akuchepetsa tsamba lililonse mpaka kufanana ndi bokosi la machesi.

Likasa. Timapepala tolowa nato m'mayeso. Ndikulidziwa bwino, ndinaphunzira sukulu ndi anthu olowa nalo.

Zomwe ndingachite mawa:

kuwasecha pakhomo mmodzimmodzi
kukhala m'kalasi ngati mphunzitsi aliyense wanzeru zake
kudwala

Koma ndinalonjeza pamaso pa ana kuti ndiwakhulupirira. Ndipo a Nyirenda anena kale pamaso pa aphunzitsi onse: "Musasinthe, mwana wanga. Tione nawo za ku koleji." Ndikawasecha, akhoza ndi chiyani, poti sindinawapatse kalikonse koloweza? Ndikapanda kuwasecha, ndikudziwa chomwe akhozere.

Lachisanu

Ndikugawa mapepala. Ndikunena mawu ochepa okhudza chikumbumtima. Ndikutuluka, ndikutseka chitseko, ndikukhala pakhonde.

Mphindi imodzi, bata. Kenako tswatswatswa, ngati mbewa zalowa m'nkhokwe. Masokosi akutsika. Wina akunong'ona kuti tsamba lachitatu lili ndi ndani. Ine maso pa mtengo wa mapeyala, ndikuwerenga masamba.

Masana ndikuchonga, ndi mayankho a a Nyirenda pambali. Mapepala 46 oyamba, tanthauzo: onse akhoza. Mitundu: onse akhoza. Funso lomaliza likuti mwana afotokoze tsiku limene iye mwini anaonetsa kukhulupirika. Ana 46 anatola chikwama cha ndalama kudepoti. Onse chinali chakuda. Onse anakapereka kupolisi, ndipo mwini wake, mayi wokalamba, analira ndi chimwemwe. Mayi ameneyu wataya chikwama ka 46!

Pepala la 47 ndi la Asiyatu. Tanthauzo walemba m'mawu akeake, mulibe liwu ndi limodzi lomwe la pa mayankho a a Nyirenda. Mitundu watchula umodzi. Pafunso lomaliza walemba kuti sanatolepo chikwama. Akuti likasa ali nalo m'sokosi yakumanzere, analigula dzulo, likumuyabwa, koma salitulutsa chifukwa Madamu ali panja ndipo anati atikhulupirira. Akufunsa ngati zimenezi zikuwerengedwa.

Malinga ndi mayankho a a Nyirenda, siziwerengedwa. Wapeza 2 pa 20.

Loweruka

Ofesi ya a Dayilekitala. Ndabwera ndi mawu okonzakonza: kuti malikisiwa ndi abodza, kuti wolakwa ndine, kuti ana alembenso. Ndawayeseza njira yonse pa kabaza.

Iwo akuona mndandanda, akuimirira, akundigwira chanza ndi manja awiri. Akuti chiyambire sukuluyi kalasi sinakhozepo chonchi. Akuti njira za ku koleji n'zamphamvu chomene, ndidzaphunzitseko aphunzitsi enawa. A Nyirenda ali pakona, akupukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Kalata ili patebulo. Cholembera a Dayilekitala akundipatsa okha. Ndikutsegula pakamwa, ndipo mukutuluka mawu akuti zikomo kwambiri. Ndasaina.

Ndili pakhomo akuwonjezera kuti aliyense wosafika theka abwerere Fomu 3, asadzaipitse dzina la sukulu pa mayeso a boma. Akufunsa chifukwa chake dzina limodzi lilibe malikisi. Ndikuti pepala limenelo sindinamalize kuchonga.

Panja a Nyirenda akundipeza. Sakundiseka, ndipo bola akanandiseka. Akungoti nawonso anayesapo zotere chaka chawo choyamba, ndiye akufunsa ngati ndikufuna kubwereka kope lachikasu lija. Ndalandira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndikuopa kuti ulaliki ungandipeze.

Ntchito ndili nayo. Amayi ku Dedza ndawaimbira, alulutira pafoni mpaka mayunitsi kutha. Mvula yasiya, zovala zauma koyamba sabata ino.

Pepala la Asiyatu lili patebulo kuyambira m'mawa. Ndaliwerenga kanayi kufunafuna poti ndingapezepo malikisi, palibe. Ndikakanena za enawo, ndiye kuti ndadzinena ndekha, ndipo kalata ija inki yake sinaume. Ndikalemba zoona, mwana mmodzi yekha amene anandimvera abwerera Fomu 3, ndipo ndidzakafotokoza ndekha kwa bambo ake pagolosale.

Cholembera chofiira chili apa. Kutsogolo kwa 2 kuli malo okwanira bwinobwino.

Ndaika 1. Wapeza 12.

Tsopano m'kalasi monse tabera tonse, kupatula iyeyo. Mawa ndimuuza agule kope lina kwa bambo ake, notsi zikuyamba 7 koloko.