Mkanjo wa apongozi mu mgolo wa chinangwa

"Ehemu. Salamu aleikumu, inu anthu a fumbi." Amenewo ndi a Sefu, oyandikana nawo nyumba kwathu kuno kwa Malengachanzi, akamatuluka Lachisanu kupita ku mzikiti. Khosi m'mwamba, zala ziwiri zitatsina mkanjo cha m'mawondo, mwendo uwu nyamu, kuuimika kaye m'malere, kenako n'kuutsitsa pang'onopang'ono ngati kakowa m'munda wa mpunga. Ndikamawatsanzira pa bawo anthu amachita kugwira m'mimba ndi phwete, koma kunena zoona ine mumtima ndinkawasirira. Mkanjo wa a Sefu umayera moti ukauyang'ana masana umatsinzina. Ndiye ndinkadzifunsa kuti kodi zimatheka bwanji? Msewu ndi womwewu wa fumbi, madzi ndi omwewa, sopo tonse timagula pa okala imodzi, nanga bwanji malaya anga oyera akangochapidwa kangapo amayamba kuoneka ngati tiyi wothira mkaka mouma manja?

Mpata wofufuza unapezeka pa ukwati wa mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a Hawa, akazi anga. Apongozi aamuna anafika dzulo lake la ukwatiwo kuchokera ku Kanyenda pa njinga yamoto, atanyamula mkoko wa nthochi ndi jumbo ya mkanjo watsopano umene anasoketsa kuti akavale popereka mwana wawo ku mzikiti. Panjira jumbo ija inang'ambika, utomoni wa nthochi n'kudonthera pachifuwa penipeni pa mkanjo. Kabanga kake kanali kakang'ono, ngati njere ya nyemba. Mayi a Hawa anali kwa azakhali awo kopeta mpunga wa ukwati, ndipo ine, mkamwini amene chikwatirireni apongozi sanandiyamikirepo kanthu, kupatula kundiuza kuti pakamwa panga pamalima kuposa khasu langa, ndinati nthawi yanga ndi imeneyi.

"Bambo, musadandaule," ndinatero nditanjuta. "Mawa muupeza uli mbee."

Anandipatsa mkanjo uja. "Ndilibe wina, bambo a Hawa. Mwamva? Ndilibe wina."

Ndinathamangira kwa a Sefu, n'kunjutanso pakhonde pawo, n'kuwaonetsa banga. Anayamba asisita ndevu. "Utomoni wa nthochi? Ameneyo kwa ine ndi mwana. Mandimu ndi mchere. Mukhule bwinobwino, muyanike padzuwa."

Ndinakathyola mandimu mpaka mtengo unatsala ndi minga yokha. Ndinafinyira, n'kuwaza mchere ngati ndikuyanika nsomba, n'kutola chitsononkho pabwalo n'kuyamba kukhula. Ndinakhula, abale anga, mpaka thukuta linadonthera pomwepo kuwonjezera mchere. Nditayanika, ndinakhala pansi kudikira ndi chidwi kuti ndione banga likuthawa. Silinathawe. Linangofutukuka, njere ya nyemba ija n'kukhala chitumbuwa, chozunguliridwa ndi mkombero wachikasu.

Ndinabwerera kwa a Sefu. "Zikuyenda bwino zimenezo," anatero. "Banga likamakula ndiye kuti likutuluka. Panopa akufunika buluu."

"Wochuluka bwanji, achimwene?"

"Mkanjo wa apongozi anu mukufuna kuuumira?"

Inu mukanayankha chiyani? Ndinapita pa okala n'kusesa timapaketi tonse ta buluu timene tinalipo. Mayi a Hawa ndinawaonapo akuthira kochepa kwambiri, kongodetsa madzi, koma ndinaganiza kuti amatero chifukwa choumira basi. Ngati kochepa kamayeretsa pang'ono, kodi wochuluka sangayeretse mpaka munthu kuthobwa m'maso? Ndinakhuthulira zonse m'beseni, osatakasa n'komwe, n'kumiza mkanjo. Kuti buluu agwire ntchito momasuka ndinapita kaye ku bawo.

Pobwera ndinavuula yunifolomu ya ana asukulu. Kwina buluu wakuda, kwina wotuwa, kumsana mizeremizere, ndipo chitumbuwa chija chitasanduka chobiriwira ngati ndere. Ndili chiimire choncho ndinamva apongozi akutsokomola m'nyumba.

"Bambo a Hawa, zikuyenda kumeneko?"

"Zikuyenda, bambo. Ukungofunika ugone m'madzi."

Ulendo wachitatu ndinapita nditaukulunga m'thumba la feteleza. A Sefu anasuzumira m'thumbamo, ndevu zikusisitidwa mbali zonse. Kenako anakweza chala.

"Ndikufunseni. Ufa wa kondowole ndi wamtundu wanji?"

"Woyera."

"Chinangwa chikamachoka m'nthaka chimakhala choyera choncho?"

"Ayi."

"Chimakayerera kuti?"

"Mu mgolo, poviika."

"Ndiye mukundifunsanso chiyani?"

Ndinaona ngati mutu wanga watseguka. Zaka zonsezi chinsinsi chili kuseri kwa khitchini yanga! Mayi a Hawa anali ataviika chinangwa chodzaza mgolo, chitayamba kale kufewa ndi kuchita thovu. Ndinapinda malaya, n'kulowetsa mkanjo pansi penipeni, n'kuukwirira ndi chinangwa, pamwamba n'kutsendereza mwala. Ndinagona mokoma tsiku limenelo, ndikuganiza kuti mawa apongozi akamalowa mu mzikiti anthu azifunsana kuti wachapa ndani.

Amene munadutsapo pafupi ndi mgolo wa chinangwa chovunda mukudziwa fungo lake, koma limenelo ndi fungo loima pamalo amodzi, ukhoza kulilambalala. M'mawa mwake ine ndinavuula fungo lokhala ndi manja awiri ndi khosi. Komabe mtima unali m'malo, chifukwa mkanjo unatuluka uli mbuu, buluu osaoneka. Ndinati utsukuluzidwe? Ayi, ndingachotse mankhwala. Ndinauyanika momwemo.

Dzuwa la kuno silichedwa. Mkanjo unauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, moti nditauchotsa pachingwe n'kuuika pansi unaima wokha, manja atatambasuka ngati ukufuna kundipatsa moni. Ndinaugogoda pang'ono ndi chala kuti ndimve kulimba kwake. Ufa unayoyoka, buluu n'kusuzumira. Ndinagogodanso pena, kufuna kudziwa ngati ndi ponseponse. Kunali ponseponse. Ntchentche zinafika, zina ndikukhulupirira zinachokera kudoko la nsomba la ku Chia, nkhuku n'kumajompha m'munsi, ndipo ndikuthamangitsa nkhuku mbuzi ya mayi a Hawa inaluma dzanja la kumanzere n'kuyamba kutafuna. Ine kukoka, mbuzi kukoka, ufa uli koboo.

Apongozi anatipeza tili choncho. Anatuluka atasamba, atadzola mafuta onunkhira, ali ndi kofiya kumutu, vesiti ndi nsalu m'chiuno, kudzatenga mkanjo wawo. Nthawi yomweyo mayi a Hawa anatulukira ndi amayi ena kudzatenga apongozi, ndipo pakati pawo panali a Mwanaisha, akazi awo a a Sefu. Mbuzi inasiya yokha. Ngakhale iyo inadziwa kuti zafika pena.

Apongozi anauzungulira mkanjo uja, dzanja lili pamphuno. "Uwu ndi wanga?"

"Ndi wanu, bambo."

Mayi a Hawa ananunkhiza kamodzi. Anatsatira fungo mpaka kuseri kwa khitchini, ndipo mawu anachokera komweko. "Bambo a Hawa, chinangwa changa chonse chasanduka chabuluu. Kondowole wake mudya nokha mpaka atha."

"Nzeru zimenezi mwazitenga kuti?" anafunsa apongozi, mosakweza mawu n'komwe.

Sindinavutike kuyankha. Mumsewu munkadutsa a Sefu, ulendo wa ku ukwati, khosi m'mwamba, mkanjo uli mbee. Ndinangoloza. Apongozi anawakodola, iwo n'kubwera monyang'wa, ndipo atauona mkanjo uja anapukusa mutu mondimvera chisoni.

"Waphonya muyezo mnyamatayu," anatero a Sefu. "Komatu n'zazing'ono izi. Kwa munthu wodziwa, zimakonzeka nthawi yochepa."

"Zimakonzeka?"

"Kwambiri, bambo."

"Alhamdulillah," anatero apongozi. "Ndiye tichite chonchi, poti nthawi yatha ndipo mwana wanga akundidikira. Vulani wanuwo ndivale ine. Inu mukonze uwu, ukayera muvale, mutipeza ku mzikiti."

A Sefu anatembenuka. Anayang'ana akazi awo ngati munthu amene bwato likumuthawa, koma a Mwanaisha anali atalowa kale m'khitchini mwathu. Anatuluka ndi beseni, madzi ndi sopo, n'kuika pa mapazi a amuna awo, kenako n'kupinda manja pachifuwa.

"Vulani, bambo, alendo akuchedwa," anatero. "Muchape tione, nafenso tiphunzireko."

Mkanjo unavulidwa kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anauvala, unawatalikira pang'ono koma anaoneka ngati nduna, ndipo sananyamuke msanga, anati aone kaye poyambira pake. A Sefu anabwera ali ndi vesiti yobooka ndi kabudula, timiyendo ngati bango, n'kunjuta pa beseni. Anayesa kupinda mkanjo wa chinangwa uja kuti ulowe m'madzi, unakana. Anatenga sopo, n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akufuna potsegulira, sopo n'kuterereka kugwera mumchenga. Amayi onse maso ali pa beseni, akudikira.

Ine pamenepo ndinalumbira mumtima kuti nzeru zochapira sindidzafunsanso kwa munthu wovala zoyera, ndizikafunsa kwa amene ndamuona ndi maso anga atawerama pa beseni. Ndipo chinandilumbiritsa ndi chimene a Sefu ananena, maso ali pansi, ntchentche zitawaunjirira.

"Anthuni, ndisakunamizeni. Ine chibadwire sindinachapepo ngakhale kampango. Mkanjo wanga ndimangoupeza uli pa msomali."

"Nanga mandimu aja, achimwene? Buluu? Chinangwa?" ndinafunsa.

"Inunso bambo a Hawa," anatero a Sefu. "Munthu wabwera mpaka kunjuta pakhonde panga, ndikanamuuza kuti sindidziwa?"