Mbale ya Maluwa ya Abiti Juma

Mpaka lero ndikamva fungo la usipa wouma, ndimakumbukira keke, ndipo manyazi amandigwira. Pakamwa pangapa ndi pamene panandiika m'madzi.

Tinali titangosamukira kumene ku Senga Bay kuchokera ku Lilongwe, komwe amuna anga amagula usipa, kuuyanika pa thandala kuseri kwa nyumba, n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Tsiku la Idi, aneba athu, Abiti Juma, anatitumizira mbale ya maluwa yodzaza ndi mandasi. Tinadya tonse mpaka kunyambita zala. Koma mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, ndipo ine ndinali nditadzitama kale pamjigo kuti keke ndimaphika ngati ya m'shopu (zoona zake ndinali nditaphikapo kawiri, mu uvuni wa mchemwali wanga, iye ataimirira pambali).

Patapita masiku anayi tinakumana pamjigo pomwepo, amayi ali mbwee.

"Amake Tadala, mbale ija musathamange nayo," anatero Abiti Juma. "Ife tikudikira keke ya ku Lilongwe."

"Loweruka madzulo ifika," ndinayankha ine, pakamwa patatsogola mutu.

Loweruka ndinaitana ana anga awiri, Tadala wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Yamikani wa zaka zinayi, kuti tiphikire limodzi. Uvuni tilibe. Ndinali nditamva kuti umathira mchenga m'poto wamkulu, kuutenthetsa pambaula, kuikamo chitini cha keke, kenako makala pamwamba pa chivundikiro. Kunyanja mchenga ungasowe?

"Katengeni mchenga m'kabeseni aka, wosalala bwino," ndinawauza.

Anabwera nawo msangamsanga, ine n'kuwayamikira kuti ndi ana ochangamuka. Sindinafunse komwe autenga.

Kenako inayamba nkhondo. Yamikani anaswa dzira loyamba pamphepete pa mbale, lonse n'kutsikira pamwendo pake. Komatu mazira anali anayi okha, fulawa ndi shuga zongokwanira keke imodzi. Lachiwiri linalowa ndi makoko omwe, tinachita kuwatola ndi supuni. Tadala analanda mthiko nati iye ndiye wamkulu, Yamikani analira, ndiye ndinawapatsa pepala ndi sizasi kuti adule timaluwa tokongoletsera mbale. Atangoti zii, ndinathira zonse m'chitini, kuika mumchenga wotentha, n'kuvundikira.

Sipanapite nthawi, amuna anga anasuzumira pakhomo.

"Lero ndiwo ndi usipa? Bwanji mwayamba molawirira?"

"Usipa wake uti? Ndi keke iyi."

Anandiyang'ana, anayang'ana poto, n'kubwerera kuseri kwa nyumba. Posakhalitsa mphaka wa eni ake anabwera n'kukhala pafupi ndi mbaula. Kenako wachiwiri. Apa ndinanunkhiza bwinobwino.

"Tadala, mchenga uja munautenga kuti?"

"Pansi pa thandala la adadi. Ndi pomwe pali wosalala kwambiri."

Pansi pa thandala! Pomwe madzi ndi mafuta a usipa amadonthera tsiku ndi tsiku. Ndinafuna kukalipa, koma kukalipira ndani? Mwanayo anachita zomwe ndinamutuma. Kuitulutsa sikukanatheka, inali isanapse. Kuyambiranso, ndi mazira ati? Ndinangokhala pampando n'kumaikira makala, kwinaku ndikupirikitsa amphaka ndi kupemphera kuti fungolo lithere kunja kwa chitini.

Keke inatuluka yokongola moti ndinatsala pang'ono kulira. Yofufuma, yofiirira bwino. Ndinabenthula kachidutswa kunsi n'kulawa. Poyamba shuga, kenako majarini, kumapeto kwake usipa, ndipo usipawo sunachoke pa lilime.

Ndinaganiza zonama kuti yapserera. Koma ndili mkati moganiza, ndinamva mawu a Tadala kuseri kwa mpanda: "Abiti Juma! Keke yapsa! Taphika ife!"

Ndinaiika m'mbale ya maluwa ija, ana n'kuzunguliza timaluwa tawo ta pepala. Kaulendo ka pakhomo ndi pakhomo kanatalika ngati wapansi wopita ku boma. Pakhonde ndinapeza Abiti Juma ali ndi amayi ena atatu a pamjigo paja (amati anangodutsa, koma aliyense anali atakhala kale pamkeka).

Abiti Juma anati bisimilahi, anadula, n'kuika m'kamwa. Anatafuna. Anasiya. Anatafunanso. Ine maso ali pa amayi atatu aja omwe anali atatambasula kale manja.

"Mwaikonda?" anafunsa Tadala, atagwira chitenje changa. "Mazira anaswa Yami, ine ndinatakasa."

Abiti Juma anameza movutikira, n'kumugwira mwanayo patsaya.

"Wallahi, keke yotere sindinadyepo chibadwire. Iyi ndi ya ine ndekha, sindigawira munthu."

Anainyamula n'kulowa nayo m'nyumba, amayi aja n'kutsala akudandaula kuti Abiti Juma ndi omana. Ana anga anabwerera akudumphadumpha. Ine ndinabwerera osadziwa ngati ndapulumuka kapena nkhani ikaphulika pamjigo.

M'mawa mwake ndinamva odi. Abiti Juma anali pakhomo, m'manja muli mbale yomwe ija, yovundikira ndi kansalu. Nditavundukula ndinapeza mchenga woyera, wotsukidwa ndi kuyanikidwa bwino.

"Wophikira timakatenga kutali ndi mathandala, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Ine ndili mtengwa ndinawadyetsa apongozi anga yoteroyo. Pamjigo sadzamva."

Ndinaseka mpaka misozi, koma ina mwa misoziyo sinali ya kuseka. Atapita m'pamene ndinazindikira kuti mbale ya maluwa ija yabwereranso m'nyumba mwanga, ndipo singabwerere yopanda kanthu. Mukanakhala inu mwina mukanaikamo nthochi n'kukhala pamtendere. Ine tsiku lomwelo pamjigo ndinawauza kuti Loweruka lotsatira ayembekezere masikono.