Kuperekeza Apongozi pa Phiko la Ndege

Suti yanga yabuluu ija sindivalanso. Ochapa zovala anayesetsa, koma pa bondo lakumanzere patsalabe banga lobiriwira, ndipo ndikaliona ndimamva fungo la ndowe za nkhosa. Inu amene mumafunsa kutchalitchi kuti suti ija inapita kuti, lero ndikuuzeni ndekha, musiye kuvutitsa akazi anga.

Apongozi anga, bambo a akazi anga Esinati, anabwera kuno kwa azungu ku Leicester kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo Tadala. Ndi mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa, wosabwereza mawu. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene mkulu wina wa ku Spinney Hill anabwera kwathu ku Beaumont Leys kudzawalonjera. Potsanzika ndinamufikitsa pakhomo ndili m'masokosi, n'kutseka chitseko msanga kuti kutentha kusathawe m'nyumba. (Amene mumakhala kuno musandiweruze, nanunso mumatero.)

Nditacheuka ndinapeza apongozi akundiyang'ana. Ine sanandilankhule, anatembenukira mwana wawo.

"Esinati, amuna akowa miyendo ikuwawa? Mlendo wamkulu kumutsekera chitseko asanafike n'kumsewu komwe?"

Kuyambira pamenepo mawu awo onse ankadzera mwa Esinati. "Uwauze amuna ako kuti tathokoza tiyi," ine ndili pomwepo ndi thireyi m'manja. Zinandiwawa, sindinama. Ndinkafuna kuti asanabwerere kumudzi andilankhule ndi pakamwa pawo, ngati mkamwini wodziwa mwambo.

Ndiye ndinaganiza zowatengera kukalabu kwathu, kunja kwa Leicester, kumene ndimaphunzira kuulutsa ndege zopanda injini. Ndege zimenezi zimamangidwa chingwe n'kukokedwa ndi kandege kena, zikafika kumwamba chingwe amachimasula, zizingoyandama ndi mphepo. Ndinali nditaphunzira pang'ono chabe (ngakhale abale kumudzi anamva kuti ndine payiloti, ndipo sindinawatsutse). Ndinawapezera ulendo umodzi ndi mphunzitsi wanga a Derek, nkhalamba ya ku Loughborough.

Loweruka m'mawa tinafika. Anzanga onse anali m'majekete akale ndi nsapato zamatope. Ine ndinali mu suti ndi tayi, chifukwa apongozi sachoka pakhomo opanda tayi, ndipo sindikanayenda pambali pawo ngati wopita kudimba. Kunja kunacha bwino, mitambo yoyera ili apa ndi apo, nkhosa zikudya msipu m'mbali mwa bwalo. Apongozi anavekedwa parachuti pamwamba pa jekete, n'kukhala mpando wakutsogolo, a Derek kumbuyo.

"Uwafunse amuna ako, injini ili kuti?"

"Bambo, ndinakuuzani kuti ilibe," anatero Esinati.

"Ndimayesa ukucheza."

Koma sanatsike. Anangokonza tayi.

Tsono ndege imeneyi imakhalira tayala lapakati, moti ikaima imapendekera mbali imodzi. Ponyamuka pamafunika munthu woti anyamule nsonga ya phiko n'kuthamanga nayo pang'ono, mphepo ikangoligwira iye n'kulisiya. Ntchito yake ndi yomweyo basi, kugwira ndi kusiya. Ndinali nditaichitapo kambirimbiri. Ndinapempha mayi woyang'anira bwalo tsiku limenelo kuti phiko la apongozi ndigwire ine, ndipo anavomera.

Chingwe chinakungika, kandege kakutsogolo kanabangula, tinayamba kuyenda. Ndinathamanga bwinobwino, msana chilili. Phiko linapepuka m'dzanja langa, kusonyeza kuti nthawi yosiya yakwana. Pomwepo apongozi anatembenuza mutu n'kundiyang'ana kudzera m'galasi.

Abale anga, dzanja linakana. M'mutu mwanga munangomveka kuti, "amuna akowa miyendo ikuwawa?" Kuwasiya pamenepo, iwo akuona, kunali ngati kuwatsekeranso chitseko. Ndinati ndiwaperekeze pang'ono, bola afike poteropo. Titafika poteropo ndinati ndiwonjezere, mlendo wake ndi wamkulu. Kumbuyo anthu ankakuwa kuti ndisiye, Esinati akukuwa m'zilankhulo ziwiri. Tayi inali ikuuluka paphewa, miyendo ikungogunda pansi mwa apo ndi apo. Popeza ndinali nditasanduka katundu pa phiko, ndege inayamba kukhotera mbali yanga. A Derek sanachedwe, anamasula chingwe. Kandege kokoka kanapita kokha kumwamba, ndege ya apongozi inayenda pang'ono n'kuima pa udzu, ine ndinatsetsereka chafufumimba pamalo pamene nkhosa zinagona dzulo lake.

Mayi woyang'anira uja anabwera osathamanga, anandifunsa ngati ndavulala, kenako anandifotokozera motsitsa mawu kuti ndikanagubuduza ndege ndi anthu awiri. (Bola akanandikalipira. Kufatsa kwa azungu akakwiya kumalasa mpaka m'mafupa.) Zimene ananena zinali zoona, ndipo mantha anandigwira pamenepo. Anandiuza kuti tsiku limenelo ndisakhudzenso ndege iliyonse, ndipo phunziro la phiko ndidzayambirenso.

A Derek anandifunsa chimene chinandigwira. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu mlendo sasiyidwa pakhomo. Anati zimenezo n'zokoma kwambiri, koma ndisadzachitenso.

"Iwe, unafuna uwa-escorte mpaka kuti?" anandinong'oneza Esinati, akundichotsa udzu m'tsitsi.

Ndinkayesa apongozi atsika n'kunena kuti tizipita. Ayi ndithu, anakhalabe momwemo. Chingwe chinamangidwanso, phiko anagwira munthu wina amene anasiya mosavuta, ngati alibe apongozi. Ndinaima kuseri kwa mpanda, mphepo ikuumitsa ndowe pa suti, n'kumaona ndege ikuzungulira mwakachetechete pansi pa mtambo. Ndinadziuza kuti basi, ndatha. Poyamba ndinali wopanda mwambo, tsopano ndine wopanda mwambo ndi nzeru zomwe.

Atatera anawathandiza kuvula parachuti. Anathokoza a Derek ndi manja awiri, anamudutsa Esinati, n'kubwera molunjika pamene ndinaima. Anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. Kenako anatulutsa kampango kawo koyera m'thumba n'kundipatsa.

"Bambo a Tadala, pukutani kumaso."

Ndinacheuka kufuna kuona amene akumuuza.

"Ndikunena ndi inu. Kwathu timaperekeza mpaka pamtsinje, n'kubwerera. Kumwambaku musiyireni Mulungu."

"Ndamva, bambo."

"Koma mumathamanga," anatero, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. "Miyendo ilibe vuto."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinanamizira fungo la nkhosa. Ulendo wonse wobwerera kunyumba anandisimbira za minda imene anaona kumwamba, yodulidwa bwino ndi mipanda yamitengo koma yopanda munthu ndi mmodzi yemwe wogwira khasu. Esinati anangokhala kumbuyo, ntchito yomasulira itamuthera.

Phunziro la phiko ndinabwerezadi, ndipo masiku ano ndimasiya msanga kuposa aliyense pakalabupo. Koma tsiku limene apongozi ankabwerera, basi yopita kubwalo la ndege itayamba kuyenda, ndinapezeka ndikuyenda nayo, dzanja lili pagalasi. Esinati anachita kundigwira jekete. M'katimo apongozi ankandikupizira dzanja kuti ndibwerere, pakamwa pakuoneka kuti akunena kuti, "Siyani, bambo a Tadala, siyani!"