A Majekete ndi ganyu wa mwana wanga

A Majekete anali anthu asanu. Musaganize kuti ndikuwakometsera chifukwa anatisiya, ayi, ndikunena zowerenga ndi zala: mlonda, mesenjala, wokolopa, wothandiza dokotala wa mano, ndi kalaliki wa inshuwalansi. Onsewo mutu unali umodzi, wadazi, ndipo miyendo inali iwiri yokha, yamatewe.

M'nyumba yosanja imene ndimagwirako ganyu muli timakampani tambiri, koma palibe kamene kamafuna kulemba munthu ntchito. Wantchito amadwala, amafuna tchuthi, agogo ake amamwalira kawiri pachaka. Waganyu alibe zonsezo. Umamuitana ukamufuna, ukathana naye umamutsamiritsa pakona ngati ambulera. Ndiye kampani iliyonse inangogula jekete lake n'kumafunafuna munthu woti azilivala maola angapo patsiku. Mwamwayi kapena mwatsoka, majekete onsewo anapeza msana umodzi.

A Majekete ankawapachika pamisomali kuseri kwa desiki ya pakhomo, ndipo lamulo lawo linali limodzi: sankayankha za ntchito imene jekete lake sanavale. Ukawafunsa za katundu wako atavala loyera la kwa dokotala, ankangokusuzumira m'kamwa.

"Za katundu sindikudziwa, mayi. Koma dzino lakumapetolo silimaliza chaka chino."

Ine ndinawadziwa tsiku limene ndinayamba ganyu m'nyumbamo. Sukulu ndinasiyira panjira chifukwa cha mimba, ndipo bambo a mwanayo anapita kokafuna ntchito, zikuoneka kuti akuifunabe. Ganyu amene ndinapeza anali wolongedza nsapato ndi zikwama kwa adona a pamwamba, amene amagulitsa pa intaneti. Adonawo anandiuza zinthu ziwiri zokha: kuti azinditumizira uthenga pafoni pakakhala ntchito, ndi kuti safuna kuona mwana kuofesi kwawo. Mtsikana amene analipo ine ndisanabwere ankabwera ndi wake, ndipo mwanayo anasanzira m'chikwama cha kasitomala. Mtsikanayo sanachotsedwe ntchito. Waganyu sachotsedwa. Foni yake inangosiya kulira.

Koma nanga mwana ndikanamusiyira ndani? Amayi ali kutali, oyandikana nawo nyumba onse amalawirira kokasaka zawo. Ndinafika pakhomo nditamubereka, nditamufunditsa mpaka kumutu ngati katundu wakuba.

A Majekete anali atavala lakuda la mlonda. Anatambasula dzanja.

"Chikupuma kumsanako n'chiyani?"

"Ndi mwana, bambo."

"Ana saloledwa. Lamulo."

Misozi inayamba yokha. Iwo anandiyang'ana, anayang'ana masitepe, kenako anati, "Taima pomwepo." Anavula lakuda, anavala lobiriwira la wokolopa, ndipo nkhope inasinthiratu.

"Mwanawe, mlondayo usamumvere. Mkazi wake anamuthawa, ndiye amangolusira aliyense. Bwera naye kuno asanabwerere."

Anayala thaulo m'katoni pansi pa desiki. Mwana anawayang'ana, anayasamula, n'kugona.

"Uyu ndi Manijala," anatero. "Wafika mochedwa, sanapereke moni, wagona. Akadzuka akalipa, ndipo tonse tithamanga."

"Zikomo, agogo."

"Agogo ndani? Usadzabwerezenso. Agogo sapatsidwa ganyu."

Dzina la mwanayo linakanirira. Ine ndinasanduka make Manijala, koma monong'ona.

Masiku amenewo manja anga ankamata selotepi pamwamba, khutu lili pansi. Ndinkadziwa kulira kwa nsapato za adona pamasitepe kuposa mawu a mayi anga. Mwana akangoti nyee, a Majekete ankayamba kuimba mokweza nyimbo zimene sankadziwa mawu ake, mpaka anthu ankati akuluwo zayamba kuwasokonekera. Ndinkapempha kupita kuchimbudzi pafupipafupi kuti ndikayamwitse, moti adona anandifunsa ngati ndinayezetsapo shuga.

Ndili pansi pa desikipo ndi pamene ndinaona ndi maso anga zimene ena ankati n'zongopeka. Kunja kunali mvula. A Majekete analowa atavala lofiira la mesenjala, katoni paphewa, matope mpaka m'mawondo. Anatula katoni padesiki, anagogoda, palibe woyankha.

"Anthu a pano ulesi!"

Anazungulira desiki, anavala lakuda. "Iwe, katundu ameneyu amafunika dzulo. Unali kuti?"

Anazunguliranso, lofiira. "Mvula, bwana."

Lakuda. "Mvulayo inagwa pa iwe wekha?"

Mkangano uli mkati, anaona matope amene analowa nawo. Anatenga lobiriwira, ndipo zimene wokolopa anawauza awiri aja sindingalembe pano, mwana wanga adzaphunzira kuwerenga.

Kwa dokotala ntchito yawo inali kugwira mutu wa wodwala. Bambo wina wamimba yake ataona zitsulo analumpha pampando, thonje lili m'kamwa, ulendo. A Majekete sanamuthamangitse. Anatsikira masitepe akumbuyo, ndipo bamboyo pofika pakhomo anapeza mlonda wakiya kale chitseko.

"Pepani bwana. Wotuluka ndi dzino limene dokotala walisankha timamuyesa wakuba."

Bamboyo anabwerera monyinyirika, n'kupeza wajekete loyera akumudikira ndi chisoni chonse. "Mwabwerako? Mlonda wa pano ndi wankhanza, tonse timamudandaula. Yasamulani."

Mabwana onse ankadziwa, ndipo zinkawakomera, chifukwa aliyense ankalipira kachidutswa kake kokha. Mwini kampani yotumiza katundu yekha ndi amene anayesapo kudandaula.

"Akulu, ndikakufunani masana ndimakupezani mutagwira mutu wa munthu. Kodi ndinu wanga kapena ayi?"

"Bwana, inu munagula miyendo, ya m'mawa. Manja anagula dokotala. Munthu yense ndi wodula, simungamukwanitse."

Vuto la ana n'lakuti amakula osakufunsa. Manijala anayamba kukwawa. Tsiku lina ndikutsika ndi makatoni, ndinaona adona ataima pakhomo akulankhula pafoni, ndipo kumapazi kwawo kunali mwana wanga, atagwira chidendene cha nsapato yawo ndi manja awiri, akulawa ngati n'chodyedwa. M'mutu mwanga ndinaona kale eni nyumba akuponya matiresi anga panja.

"Mwana wa ndani uyu?" adona anakuwa.

A Majekete, ali chivalire lakuda, anawerama n'kumuyang'anitsitsa ngati sanamuonepo. "Mlonda sadziwa, adona. Dikirani ndikuitanireni a ku inshuwalansi." Anavala lamizeremizere, anakonza kolala. "Eya, mumafunsa za uyu? Ndi waganyu wathu. Wayamba lero."

"Waganyu?"

"Masiku ano timatenga aliyense, bola luso."

Anamunyamula n'kulunjika kuofesi ya inshuwalansi, adona pambuyo, ine pambuyo pawo ndi makatoni anga ngati sizikundikhudza. Mwini ofesiyo timawatcha a Mwadzidzidzi, chifukwa sangamalize chiganizo osatchula mawu amenewo. Tsikulo anali ndi bambo wina ndi mkazi wake amene anawakhalira m'mawa wonse akungoti, "Tikaganize kaye." A Majekete anangomutula Manijala pamiyendo pa bamboyo.

"Bwana, tayang'anani maso awa. Kwanu aliko otere?"

"Awiri," anayankha mayiyo.

"Ndiye galimoto itakupezani pakona apo, awiriwo azidzatafuna chiyani? Nsapato za anthu, ngati uyu?"

Manijala, ngati anachita kuphunzitsidwa, anagwira tayi ya bamboyo, anapinda mlomo wapansi n'kugwetsa msozi umodzi. Bamboyo anagula inshuwalansi yake, ya mkazi wake, mpaka anafunsa za apongozi, kenako za apongoziwo anasintha maganizo. A Mwadzidzidzi anamupatsa mwanayo ganyu pomwepo, malipiro matewera. Adona anangopukuta malovu pansapato n'kukwera. Waganyu wa kampani ina sungamuthamangitse.

Kuyambira pamenepo mwana ankagwira ntchito poyera, wobisala anali mayi ake. Ndinkamudutsa m'khonde ngati mlendo. Atayamba kulankhula ankanditambasulira manja n'kuti, "Amama!" adona ali pomwepo, ndipo a Majekete ankati, "Amatero kwa mzimayi aliyense. Ndi njira yogulitsira." Ndinkaseka nawo, kenako ndinkakalirira kuchimbudzi.

Ine ndimaona zinthu, mantha anandiphunzitsa. Ndinaona kuti a Majekete ayamba kupumira pakati pa masitepe, ndi kuti asiya kumanga zingwe za nsapato chifukwa mapazi atupa.

"Bambo, pitani kuchipatala."

"Akudwala ndi mesenjala. Enafe tili bwino."

"Ndiye mesenjalayo apume."

"Akapuma sabata imodzi, jekete lipeza msana wina. Nawenso ukudziwa, make Manijala. Ife sitidwala, timangosowa."

Anasowadi. M'mawa wina chitseko chinali chokiya, katundu ali mulu panja, wodwala dzino akubuula pakhonde. Mabwana asanu anaima pakhomo, aliyense foni kukhutu, aliyense akutukwana waganyu wake waulesi, mpaka anazindikira kuti onse akuimba nambala imodzi. Anayankha anali mchemwali wa a Majekete. A Majekete anali atagwa pokwerera basi, ndipo sanadzukenso.

Panabuka nkhani ya amene atseke ofesi kupita kumaliro. Dokotala anati malemuwo sanali ake kwenikweni. Wotumiza katundu anati iye anali nawo m'mawa mokha. Pamapeto pake anapita onse, aliyense poopa kunenedwa ndi anzake, ndipo mchemwali uja anagwira pakamwa ataona mabwana ali ndandanda.

"Nanga si ankati sanalembedwepo ntchito chibadwire?"

A Mwadzidzidzi analira kuposa achibale. Zaka zonsezo ankawanyengerera a Majekete kuti agule inshuwalansi, iwo n'kumayankha kuti, "Mwa asanufe, mukufuna afe uti?"

Tsopano ntchito zija amagwira anthu asanu enieni, otumizidwa ndi kampani ina ya pafoni, ndipo mawa lake amabwera asanu ena. Anthu achuluka m'nyumbamo koma muli zii. Palibe wokangana yekha, palibe woimba zosamveka. Ukafunsa kanthu amangokuuza kuti, "Ndine watsopano." Manijala naye ganyu anamuthera. Anayamba kuyenda, anamera mano, analuma kasitomala pabondo, ndipo a Mwadzidzidzi anati mwana woyenda yekha samvetsa chisoni.

Sabata yatha ndinafika naye pakhomo nditamugwira dzanja, ndilibe pomusiya, ndilibe ngakhale bodza lokonzeratu. Anandipulumuka n'kuthamangira kuseri kwa desiki. Anasuzumira pansi, anazungulira, kenako anaima n'kumayang'ana bambo wamtali amene anali mlonda wa tsikulo.

"Mwana wa ndani uyu?" bamboyo anafunsa.

Kumbuyo kwanga ndinamva nsapato za adona zikulowa. Ndinadikira kuti wina andiyankhire, koma panalibe wina.

"Ndi wanga," ndinatero. Ndinatembenuka. "Ndi wanga, adona. Wakhala wanga nthawi yonseyi."

Adona anausa moyo. "Iwe, umandiyesa wakhungu? Makutu amenewo ndi ako. Ndinadziwa tsiku lomwe anandidya nsapato."

"Nanga bwanji simunasiye kundiitana?"

"Mdala uja anakwera kwa ine tsiku lomwelo, atavala majekete onse nthawi imodzi, thukuta lili kamukamu. Akuti ndi nthumwi za ogwira ntchito. Akuti ndikadzangokusiya, onse asanu anyanyala, chitseko ndizitsegula ndekha, makatoni ndizinyamula ndekha, ndipo dzino likadzandipweteka mutu ndidzadzigwira ndekha." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Tsopano wonyanyala palibe."

Manijala anali atakhala pansi, akuvula sokosi ndi mphamvu zake zonse.

"Ndizipita, adona?"

Anayang'ana mwanayo. "Kuseri kwa mashelefu kuli mpata. Zonse zimene angafikire uzikweze pamwamba. Tiyeni, ntchito ikudikira."

Za mawa sananene, ndipo ine sindinafunse. Tinakwera atatu. Mwana anakana kunyamulidwa, ankakwera yekha ndi manja ndi mawondo, sokosi imodzi ili m'kamwa, ndipo adona, amene sindinawaonepo akudikira munthu, ankaima pa sitepe iliyonse mpaka afike.